Laphwa lokha kapena aliphwetsa? Mawu ake, ndi kachitidwe kake pa valavu

Anthu amene amabwera pa shedi yanga yomata matayala kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road, amayamba ndi amodzi mwa mawu atatu. Wina amati, "Achimwene, tayala laphwa." Wina amati, "Tayala labooka." Wachitatu amafika ali ndwii, n'kunena kuti, "Andiphwetsera tayala." Onse atatu akukankha njinga yofanana, limu ikukhula pansi, koma kwa ine ndi ntchito zitatu zosiyana. Woyambayo wangonena zimene waona. Wachiwiriyo watchula kale chifukwa chake, kaya waona msomali kaya akungoganiza. Wachitatuyo wabwera ndi mlandu, ndipo kawirikawiri dzina la wolakwa ali nalo kale m'mutu.

Chinthu chimaphwa chokha. Kuti chiphwetsedwe pamafunika munthu, dzanja lake ndi cholinga chake. Ndifotokoza zonse ziwiri, mawuwo ndi ntchito yake, chifukwa ndaona kuti amene sasiyanitsa pakamwa amasokonezanso akagwira valavu.

Zimene zimaphwa

Chimaphwa ndi chinthu chimene chinali chodzaza kapena chofufuma ndi mpweya kapena madzi, kenako n'kutsika. Tayala laphwa, matayala aphwa, chubu chaphwa, mpira waphwa, chibaluni cha mwana chaphwa. Koma mawuwa sanabadwire m'galaja ayi, ndi akale kuposa njinga. Makolo athu asanaone tayala ankanena kale kuti chitsime chaphwa, dambo laphwa, mtsinje umene unasefukira dzulo uja lero waphwa ndipo tikhoza kuwoloka. Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosaya komanso ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inauma mpaka mabwato a ku Kachulu anangotsala pamatope. Nyanja yathu yaikuluyi siiphwa motero. Iyo imangophwako m'miyezi yotentha, mchenga wa ku Senga Bay n'kutambasukako, mvula ikagwa madzi n'kubwerera pamalo pake.

Pathupi ndi chimodzimodzi. Munthu amene anabinya mwendo timamufunsa kuti, "Kutupa kuja kwaphwa?" Mimba ikafufuma usiku wonse, mmawa timati yaphwa. Ndiye pali mtima. Akuluakulu akaona mnyamata akulusa amati, "Msiyeni kaye mtima uphwe," chifukwa amadziwa kuti mkwiyo nawonso umafufumitsa munthu ndipo umatsika wokha ukapatsidwa nthawi.

Thumba la chimanga siliphwa, limachepa kapena kutha. Sopo saphwa, amatha. Pa madzi timatha kunena zonse ziwiri, kuti chitsime chaphwa kapena madzi aphwa, koma pa mpweya timatchula chotengera chokhacho: tayala ndilo laphwa, pamene mpweyawo watuluka kapena watha. Ena amati mphepo m'malo mwa mpweya, ndipo pa shedi tonse timamvana.

Kanthu kena kamene kamapunthwitsa ana obadwira kunja, monga aja amabwera ku holide kuchokera ku Johannesburg, ndi aka. Kuphwa ndi mawu aafupi, a gulu limodzi ndi kudya, kumwa, kugwa ndi kufa. N'chifukwa chake timati tayala lakuphwa, monga mmene timanenera madzi akumwa kapena nkhuku yakufa. Koma mawu aataliwo amatenga njira inayo: tayala lobooka, tayala lophulika, tayala lophwetsedwa.

Kuphwa kumachedwa. Tayala limene lamveka kuti phuu pamsewu laphulika, ndipo ngakhale pamapeto pake limakhala lakuphwa, dalaivala akandiuza pafoni kuti "laphwa" ine ndimanyamula zigamba ndi solushoni, n'kukapeza kuti pakufunika tayala lina lathunthu. Kubooka ndi chimodzi chabe mwa zifukwa zophwera. Labala payokha imadutsitsa mpweya pang'onopang'ono, moti tayala la galimoto labwinobwino limachepako mwezi ndi mwezi, ndipo chubu cha njinga chimafewa msanga kuposa apo. Njinga imene yakhala pakhonde milungu ingapo n'kupezeka yafewa siinabooke, ingopopani.

Musanaloze munthu chala

Munthu akati "andiphwetsera", ine sindiyankha kaye, ndimatenga pampu. Kayezedwe kake mungachite nokha pakhomo. Popani tayalalo lilimbe, kenako pakani malovu pakamwa pa valavu, kapena madzi a sopo ngati muli pagulu. Mukaona kathovu kakutukumuka, vuto ndi valavu: kachitsulo ka m'kati kamasuka, kapena mwalowa mchenga, kapena pa njinga zathu zonyamulira katunduzi kalabala kake kang'ambika. Pa valavu pakakhala zii, chotsani chubu, muchipope pang'ono, muzichimiza m'beseni la madzi mbali ndi mbali uku mukuchikoka ndi manja kuti kabowo katseguke. Kabowo ka munga kamabisala, kamangotulutsa kathovu kamodzi n'kukhala chete, ndiye musathamange. Pa tayala lopanda chubu thirani madzi a sopo kuzungulira ponse pamene lagwirana ndi limu, mbali zonse ziwiri, komanso pamsana pake pamene limapondera pansi.

Mukapanda kupeza thovu, bwezerani zonse, popani, muligoneke usiku umodzi. Mmawa likapezeka lili gwa, pamenepo mungayambe kunena kuti linaphwetsedwa. Zizindikiro zina zimathandiza: kachivindikiro ka valavu kali pansi pomwepo, matayala onse awiri aphwa tsiku limodzi, kapena mwapeza kamtengo ka machesi katatsamizidwa pakamwa pa valavu. Ngakhale zili choncho, valavu siitchula dzina. Ana amakonda kaphokoso kaja ka psii, ndipo njinga yosiyidwa pa chigayo kapena pa sukulu imadutsa m'manja ambiri. Mawu oti "linaphwetsedwa" ndi abwino chifukwa amavomereza kuti panali dzanja la munthu koma osatchula mwini dzanjalo. Mukati "wandiphwetsera ndi uje", imeneyo ndi nkhani yoti ikhoza kukathera kwa amfumu, ndipo umboni wake ine sindingakupatseni.

Timawu ta kumapeto

Pa ntchito yathu timawu tophatikiza kumapeto ndi timene timanena kuchuluka kwa mpweya. "Phwetsaniko" ndiye kuti tulutsani pang'ono, tayala likhalebe loyenda. "Phwetseranitu" ndiye kuti musasiyemo kalikonse. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndinamuuza kuti akamva "-ko" azifunsa nambala, chifukwa pang'ono wa dalaivala wa minibasi ndi pang'ono wa aphunzitsi opalasa njinga ndi zosiyana kutali.

Kamawu ka "-era" kali ndi nkhope ziwiri. "Mundiphwetsereko lakutsogololi, bambo" ndi pempho. "Wandiphwetsera" ndi dandaulo. Mpangidwe ndi umodzi, chimene chimasiyanitsa ndi chakuti mwini tayala anafuna kapena ayi. Pa nkhani za mtima pamafunika kusamala kwambiri. Kuphwetsa mkwiyo wa munthu ndi kumuziziritsa, monga amachitira ankhoswe banja likayaka moto. Kuphwetsera mkwiyo pa munthu ndi kumukhuthulira ukali umene unachokera kwina: bambo akanganira ndalama ndi abwana awo kuntchito, madzulo akukaphwetsera pa ana amene sakudziwa kanthu. Mukalemba kalata yothokoza malume anu kuti "anaphwetsera mkwiyo" pamene mumafuna kunena kuti anauphwetsa, mwawanyoza.

Ndiye pali mnansi uja amene amaseketsa shedi yonse. Kuphwetsa ndi kwa tayala, kuphwisa ndi kwa munthu amene wadya nyemba. Mlendo wophunzira Chichewa akati "ndaphwisa tayala", ngakhale makasitomala aulemu amatembenukira kumbali. Pagulu, kapena ponena za munthu wamkulu, timazungulira n'kunena kuti waipitsa mpweya, ndipo akakhala apongozi sitinena kanthu n'komwe. Mpweya wotulukira kukamwa munthu atakhuta ndi kugeya, ndipo khanda likatha kuyamwa amayi ake amaliika paphewa n'kumalisisita kumsana kuti ligeye. Wotulutsa mpweya wautali chifukwa cha nkhawa akuusa moyo. Wotulutsa mpweya molunjika pa chinthu, kaya ndi moto kaya phala lotentha, akuuzira, ndipo pa chibaluni kuuzira ndiko kudzaza, kuphwetsa n'kukhala kubweza. Kuphweka ndi kuphwanya amangofanana nawo kamvekedwe: ntchito yophweka ndi yosavuta, ndipo wophwanya galasi kapena lamulo alibe chochita ndi mpweya.

Mbuzi kapena ng'ombe ikafufuma mimba chifukwa chodya msipu wanthete wambiri, anthu amati tiiphwetse. Mawuwo ndi olondola, koma kuboola mimba ya chiweto ndi ntchito ya alangizi a ziweto amene ali ndi chida chake ndipo amadziwa malo ake kumbali ya kumanzere. Si ntchito ya mpeni wa kukhitchini.

Mavalavu atatu

Kuti muphwetse bwino, yambani mwadziwa valavu imene muli nayo. Kuno timakumana ndi mitundu itatu.

Yoyamba ndi ya pa njinga zambiri zakuda zija zonyamulira makala, nkhuni ndi anthu a kabaza. M'mabuku amaitcha Dunlop, dzina la John Boyd Dunlop, dotolo wa ziweto wa ku Belfast amene mu 1887 anapangira mwana wake tayala la mpweya pa kanjinga ka mawilo atatu. Ena amaitcha Woods. Valavu imeneyi ili ndi manati awiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasokera. Nati ya pansi, yotsamira pa limu, ntchito yake ndi kugwira valavu kuti isapendeke. Mukaimasula simutulutsa mpweya, mungochititsa kuti chubu chizikokeka mpaka kung'ambikira patsinde pa valavu, malo amene chigamba sichigwira. Yofunika ndi ya pamwambayo, yokhala ndi timizere togwirira ndi zala. Ikani chala chimodzi pamutu pa kachitsulo ka m'kati, n'kumasula natiyo pang'ono, theka la kuzungulira basi, mpaka mumve psii. Mukaimasula yonse chala mulibe pamenepo, kachitsuloko kamauluka, ndipo mu mchenga wa kuno simudzakaonanso. Mukafuna kuphwetsako chabe, masulani n'kumanganso msanga, mufinye tayala ndi chala chachikulu, mukhalepo muone mmene likuphwatalalira. Valavu yamtunduwu siigwirizana ndi geji wamba yoyezera mpweya, ndiye muyezo wake ndi chala ndi matako. Mukafuna kuphwetseratu kuti mumate chubu, chotsani nati ndi kachitsuloko, muziike m'thumba la malaya, osati pansi, ndipo muyang'ane kalabala kake. Kakakhala kouma kapena kong'ambika kumutu sinthani pomwepo, mtengo wake ndi wochepa kuposa kuyenda wapansi kuchokera ku Lifuwu.

Yachiwiri ndi ya galimoto, njinga yamoto ndi njinga zambiri za magiya. Dzina lake ndi Schrader, la banja la ku New York limene linaipanga m'zaka za m'ma 1890, ndipo mpaka lero kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Ndi yonenepa, ndipo pakati pake pali kapini kokhala pa sipuling'i. Mukadina kapiniko mpweya umatuluka, mukasiya kamadzitseka kokha. Dinani ndi chinthu chobuntha, monga kansonga kamene kamakhala kumbuyo kwa mageji ambiri, ndipo dinani molunjika. Msomali wakuthwa kapena kudinira chammbali kumapinda kapiniko, ndiye valavu imene inali yabwino imayamba kudontha mpweya usiku ndi usana. Dinani kwa masekondi ochepa, yezani, dinaninso, yezaninso. Kutulutsa n'kosavuta, kubweza kumafuna pampu, ndiye bola kuchedwa. Mukafuna kuphwetseratu musataye nthawi ndi kudina. Pali kakiyi kakang'ono ka mphanda kamene kamalowa m'valavu n'kumasula kachitsulo konse ka m'kati. Gwirani mwamphamvu pamene mazinga akutha, nkhope muiike kumbali chifukwa mpweyawo umabwera ndi fumbi, ndipo mukabwezera mangani mongokwanira, osachita kukukutira mano. Kachivindikiro kaja musamakapeputse. Sikagwira mpweya kwenikweni, koma ndi kamene kamatchinga mchenga ndi matope kuti zisakakhale pa kapini.

Yachitatu, Presta, ndi yowonda, ya pa njinga za mpikisano ndi zina zobwera m'mabelo a kaunjika. Masulani kanati kakang'ono kali kumutu kwake, dinani mutuwo, mukamaliza mangani. Imapindika msanga, igwireni mwaulemu.

Mpira wa miyendo ulibe valavu yodina, uli ndi kabowo ka labala. Malamulo a mpira amalola kuyambira 0.6 kufika 1.1 pa muyezo wa atmosphere, womwe ndi wofanana pafupifupi ndi bar, muyezo wa mphamvu ya mpweya umene timawerenga pa geji, koma anyamata akabwera nawo pa kompuresa amafuna ulimbe mpaka uzipweteka phazi. Pouphwetsa tengani singano ya pampu yopanda pampuyo, muinyowetse ndi malovu kapena madzi a sopo, muilowetse molunjika, mpweya uzituluka wokha uku mukufinya pang'ono. Waya, kamtengo ka machesi kapena chitsulo cha bolopeni zimang'amba kalabala kaja, ndipo mpira wong'ambika pamenepo umaphwa tsiku lililonse mpaka kuutaya. Ndinaonanso kuchipatala kuti anamwino poyeza BP ndi makina opopa pamanja aja amaphwetsa chomangira pamkono mwa muyezo, pang'onopang'ono, chifukwa akatsegula kwambiri nambala yeniyeni imawadutsa asanaimve.

Za manambala

Geji ikhoza kukhala ya bar, ya psi kapena ya kPa. Bar imodzi ndi 100 kPa, ndipo ndi pafupifupi 14.5 psi. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 2.0 ndi 2.5 bar, kapena kuti 29 mpaka 36 psi, ndiye munthu wonena kuti "ikani 2.2" ndi wonena kuti "ikani 32" akupempha chinthu chimodzi. Nambala ya galimoto yanu ili pa kapepala komatidwa pamphuthu pa chitseko cha dalaivala, kapena kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta, ndipo kawirikawiri pamakhala manambala awiri, ya galimoto yopepuka ndi ya yodzaza katundu. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire amene tayalalo lingapirire, si imene muyenera kuyendera.

Pamene simuyenera kuphwetsa

Apa ndiye pamene ndimakangana ndi madalaivala chaka chilichonse mu Okutobala. Munthu watsika kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14 dzuwa lili paliwombo, wafika kuno, wayeza, geji ikuonetsa 2.6 pamene kapepala kakuti 2.3. Nthawi yomweyo amati, "Achimwene, phwetsaniko, lingandiphulikire." Ine ndimakana. Mpweya ukatentha umafutukuka, ndipo tayala limene layenda ulendo wautali limakwera ndi 0.2 kapena 0.3 bar. Opanga galimoto akudziwa zimenezo. Nambala ya pa kapepala ndi ya tayala lozizira, limene laima maola atatu kapena limene lagona usiku. Mukatulutsa mpweya lili lotentha kuti lifike 2.3, mawa mmawa lidzakhala pa 2.0.

Chikhulupiriro chakuti tayala lolimba ndilo limaphulika ndi kutentha chafala kwambiri, moti ena amachita kuphwetsako dala asanayambe ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Zoona zake zimayenda chobwerera. Tayala lofewa ndi limene limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha m'kati mwa labala ndi mawaya, mpaka zigawo zake zimalekana. Matayala ophulika amene amafika pa shedi panga ambiri amakhala ndi ufa wakuda m'kati ndi mzere wopsa kuzungulira m'mbali, chizindikiro chakuti anayenda mtunda wautali ali ofewa kapena atasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Amamwetsanso mafuta ambiri ndipo amadyeka m'mphepete monse muwiri pakati pali bwinobwino. Mukafuna kuyeza, yezani mmawa musananyamuke.

Anzanga a kabaza nawonso amakonda kuphwetsako kuti kasitomala asamamve mabampu. Lakutsogolo mukhoza kulichepetsako pa msewu wokumbika, koma lakumbuyo, limene lasenza inu ndi mayi wa dengu la tomato, lisiyeni lolimba. Likafewa, mwala ukangogunda, chubu chimapanikizika pakati pa mwalawo ndi limu. Ndikachotsa chubu n'kupeza timabowo tiwiri toyandikana, sindifunsanso, ndimadziwa kuti si munga, mwini wake anachita kuphwetsa yekha.

Pamene muyenera

Mchenga ndiwo malo ake enieni a kuphwetsako. Timisewu totsikira kunyanja ku Senga Bay ndi m'madoko a asodzi timameza magalimoto a alendo sabata ndi sabata. Mayi wovala nsapato za gogoda amatitimira pamchenga pamene wa patapata akungodutsa, ndipo tayala ndi chimodzimodzi: likachepetsedwa mpweya, mbali yake yoponda pansi imatalika, kulemera kwa galimoto n'kugawika pamalo aakulu. Kachitidwe kake ndi aka. Imani pamalo olimba musanalowe mumchengamo, chifukwa kuphwetsa mutatitimira kale kumathandiza koma ndi fosholo m'manja. Onetsetsani kuti muli ndi pampu yobwezera, kaya ya phazi kaya yolumikiza ku batire. Tsitsani matayala onse anayi mofanana kufika cha pa 1.5 bar. Mchenga ukakhala wofewa kwambiri mukhoza kufika 1.2, koma musatsike pansi pa bar imodzi, chifukwa mlomo wa tayala ukhoza kuchoka pa limu, mpweya wonse n'kutuluka kamodzi. Yendani pang'onopang'ono pa giya yotsika, musakhote mwadzidzidzi, musaponde buleki mwamphamvu. Mukatitimira lekani kuponda mafuta, chifukwa mawilo ozungulira pamalo amodzi amangokumba manda a galimoto. Fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, chepetsaniko mpweya pang'ono, muyese kubwerera m'mbuyo motsata mapazi anu omwe.

Mukangotuluka mumchenga popani. Ena amati tikapopera pomwetsera mafuta ku Salima, n'kuthamanga pa tala makilomita onsewo ndi matayala a 1.2, kenako n'kumadabwa atatupa m'mbali. Ngati pampu mulibe, yendani ngati muli pa maliro mpaka mutapeza mpweya. Pa msewu wa miyala musatsitse kwambiri chotero, chifukwa tayala lofewa limatulutsa mimba m'mbali, ndipo m'mbalimo ndi mopyapyala, mwala wakuthwa umang'amba mosavuta. Bala la m'mbali silimatika.

Pomata kapena posintha tayala pa limu, mawu ake ndi kuphwetseratu, ndipo pa malole mawu amenewa ndi a moyo ndi imfa. Tayala la lole limanyamula 7 kapena 8 bar. Malole ena akale ndi mathirakitala ali ndi malimu a zidutswa, okhala ndi ling'i yachitsulo yokhomera tayala. Ling'i imeneyo ikafwamphuka tayala lili ndi mpweya, imadula munthu. Musanakhudze nati iliyonse ya wilo lotere, chotsani kachitsulo ka m'valavu, dikirani phokoso lithe, kenako pisani kawaya m'valavumo kuti mutsimikize kuti simunatsekeke ndi dothi, chifukwa valavu yotsekeka imakhala chete ngati tayala laphwa pamene m'kati mudakali mpweya. Kumbuyo kumene matayala amakhala awiriawiri, phwetseranitu onse awiri ngakhale lobooka ndi limodzi, popeza limu ya m'kati ikhoza kukhala yosweka n'kumangogwiridwa ndi manati omwe mukufuna kumasulawo. Pobwezera mpweya musaime kutsogolo kwa ling'i, gwiritsani paipi yaitali muli chapatali, ndipo ana oonerera muwathamangitse.

Pali malo amodzi pamene ngakhale kuphwetseratu sikukwanira. Limu ikang'aluka kapena nati ikakanirira, anthu amaitana wowotcherera n'kumuuza kuti, "Musaope madala, taphwetsa kale." Kutentha kwa moto wowotcherera kumadutsa m'chitsulo n'kufika pa labala, labalayo imayamba kupsa cham'kati n'kumatulutsa mpweya wakewake woyaka, ndipo tayala likhoza kuphulika ngakhale valavu ili yotsegula, nthawi zina patapita mphindi zingapo moto utazimitsidwa kale, anthu atayandikira kuti aone ntchito. Chotsani tayala lonse pa limu, muligubuduzire kutali, wowotcherera agwire chitsulo chokhachokha, ndipo limuyo izizire mpaka muthe kuigwira ndi dzanja musanabwezerepo tayala.